Galimoto Yanu Yakalamba? Imvereni Musanaigulire Sipeya

Magalimoto ambiri amene aima m'makomo mwathu anafika kuno atatumikira kale anthu ena. Anachokera ku Japan, anatsika sitima ku Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe, ena anadzera ku Durban kapena ku Beira. Kaya ndi Corolla, Sienta, Probox, Vitz, Tiida kapena Honda Fit, pofika m'manja mwanu imakhala itakwanitsa zaka khumi kapena kuposa apo, ndipo makilomita amene mukuwerenga pa dashibodi si nthawi zonse amanena zoona. Kwawoko inkayenda pa tara wosalala itanyamula munthu mmodzi kapena awiri. Kuno yapeza fumbi la Okutobala, matope a Januwale, maenje a mumsewu ndi matumba a chimanga ochokera kumudzi. Ndi yomweyo yopititsa ana kusukulu, yothamangitsira wodwala kuchipatala usiku, yoperekeza maliro. Ikadwala, thumba la banja lonse limadwala nayo.

Kabuku aka sikakusandutsani makaniko. Kakuthandizani kuzindikira chavuta musanatulutse ndalama, kukonza nokha zimene zingatheke pakhomo, ndi kudziwa nthawi yozimitsa injini n'kuitana odziwa.

Ine phunziro limeneli ndinachita kulilipira. Corolla yanga yakale inayamba kukana kulira m'mawa. Woyamba kuiona anati batire latha, ndinagula latsopano. Sabata isanathe vuto lija linabwerera. Wachiwiri anati ndi sitata, tinaimasula n'kusintha zam'kati. Ayi ndithu, chimodzimodzi. Tsiku lina mnyamata wokonza magetsi a galimoto anagwira waya wakuda wochoka ku batire kupita ku thupi la galimoto, n'kupeza kuti bawuti yake yachita dzimbiri ndipo ikugwedera. Anapala ndi sandipepa, n'kumanga, basi. Ntchito ya mphindi khumi inandidyera ndalama za batire ndi za sitata chifukwa tonse tinkangolota m'malo mofufuza. Kuyambira tsiku limenelo ndimayambira pa chinthu chotsika mtengo ndi chosavuta kuchiona, ndipo sindigula sipeya popanda umboni woti yakaleyo yafadi.

Zida zochepa ndi kope limodzi

Magalimoto a ku Japan safuna zida zambiri. Sipanala za nambala 8, 10, 12, 14 ndi 17 zimamasula pafupifupi chilichonse chimene mwini galimoto angakhudze. Ya nambala 10 gulani ziwiri, chifukwa ndi imene imasowa nthawi zonse. Onjezani pulayazi, sikuludilaiva, tochi, mawaya ojampira, jeke ndi sipanala ya matayala, geji yoyezera mpweya, mafyuzi angapo, chigubu cha madzi cha malita 5, ndi matrayango ochenjezera amene apolisi a pamsewu amafunsa. Ngati thumba lilola, gulaninso kachipangizo koyezera magetsi kotchedwa multimeter. Kamathetsa mikangano yambiri ya pa batire.

Koma chida chachikulu ndi kope la ana a sukulu. Lizikhala m'galimoto. Muzilemba tsiku, makilomita, chimene chasinthidwa, amene wagwira ntchito ndi ndalama zake. Phokoso lachilendo likayamba, lembaninso: limamveka injini ili yozizira kapena yotentha, pokhota kapena poponda buleki? Aliyense woyendetsa galimotoyo pakhomo, bambo, mayi kapena mwana wamkulu, azilembamo.

Kamodzi pa sabata, m'mawa injini isanalire, galimoto ili pamalo osapendekeka, tsegulani boneti. Onani oilo, madzi a mu redieta, mafuta a buleki ndi lamba. Kenaka sunthani galimoto muone pansi pamene inagona. Dontho lakuda ndi oilo wa injini. Lofiirira lingakhale la giya kapena la chiwongolero. Lobiriwira kapena la pinki ndi madzi a redieta. Madzi oyera odontha kutsogolo mutayatsa eyakoni si vuto.

Ikakana kulira

Musathamangire kuitana anyamata okankha. Zimitsani wailesi, tembenuzani kiyi, tcherani khutu. Galimoto yokana kulira imakana m'njira zitatu, ndipo iliyonse ikuloza kwina.

Njira yoyamba: mwatembenuza kiyi, kuli zii, kapena kukumveka tcha-tcha-tcha mofulumira, magetsi a pa dashibodi n'kumathimathima. Apa moto sukufika. Yambirani pa mitu ya batire. Igwedezeni ndi dzanja; mutu womangidwa bwino sutembenuka. Mukaona ufa woyera kapena wobiriwira, masulani, kuyambira mutu wa chizindikiro cha (-), tsukani ndi madzi ofunda osakaniza ndi soda wophikira, palani mpaka chitsulo chiwale, mangani kuyambira wa (+), ndipo pakani girisi pang'ono pamwamba. Tsatirani waya wakuda uja mpaka pamene wamangidwa ku thupi la galimoto ndi ku injini. Mukatero yezani. Batire lodzaza, galimoto itagona usiku, limaonetsa mavoti pafupifupi 12.6. Likaonetsa 12.2 lili pakati, likatsika pansi pa 12 latheratu moto. Ngati ndi batire lokhala ndi zivindikiro, onani ngati madzi akumiza timapuleti tam'kati. Akachepa thirani madzi a batire ogula, osati a pampopi, ndiponso osati asidi.

Pojampa, ndondomeko ndi iyi: waya wofiira ku (+) ya batire lakufa, mbali inayo ku (+) ya batire lamoyo; wakuda ku (-) ya lamoyo, ndipo mbali yomaliza igwire chitsulo cha injini ya galimoto yakufayo, kutali ndi batire. Batire limatulutsa mpweya umene umayaka, n'chifukwa chake kuthetheka komaliza kuzichitikira patali. Mukasemphanitsa mawaya, ngakhale kamphindi, mungawotche fyuzi yaikulu, olitaneta kapena kompyuta ya galimoto.

Ikalira musasangalale msanga. Funso ndi lakuti batirelo linatha bwanji. Yezaninso injini ikulira: muyenera kuona mavoti pakati pa 13.8 ndi 14.5. Mukaona 12 ndi kanthu, olitaneta sikutchaja, ndipo batire latsopano lidzafanso m'masiku ochepa. Ngati ikutchaja bwino koma batire limatha galimoto ikagona, funani chimene chikuba moto usiku: kanyali ka m'buti kosazima, wailesi kapena alamu yolumikizidwa mwachisawawa. Pali chizolowezi china choipa, chochotsa mutu wa batire injini ikulira pofuna kuona ngati olitaneta ili moyo. Zinkatheka pa magalimoto a makedzana. Pa galimoto ya kompyuta musalole.

Njira yachiwiri: kukumveka tcha kamodzi, koma magetsi akuwala bwinobwino. Batire lilibe mlandu. Ganizirani sitata kapena mawaya ake. Wina agwire kiyi, inu mugogode sitata pang'ono ndi chogwirira cha sipanala. Ikalira, ndiye kuti mabulashi ake atha. Wokonza magetsi amasintha mabulashiwo pa mtengo wochepa kwambiri poyerekeza ndi sitata yonse. Ngati galimoto ndi ya otomatiki ndipo kuli zii magetsi akuwala, pondani buleki, ikani giya pa N muyesenso, chifukwa kaswitchi kozindikira kuti giya ili pa P kamatopa. Dziwaninso kuti ya otomatiki siilira ndi kukankha, ngakhale mutaitana mudzi wonse. Ya kilachi imalira: kiyi pa ON, giya yachiwiri, kilachi pansi, ikathamanga n'kusiya kilachi.

Njira yachitatu: sitata ikupukusa mwamphamvu koma injini siikugwira. Musapukuse kupitirira masekondi khumi nthawi imodzi. Injini ya petulo imafuna mafuta, moto wa pa pulagi ndi mpweya. Choyamba, ndikunena mopanda manyazi, onani ngati muli petulo, poti geji ya galimoto yakale imanama. Kenaka ikani kiyi pa ON osaliza, mumvetsere cha ku mpando wakumbuyo. Pampu ya m'thanki imayenera kung'ung'udza kwa masekondi awiri kapena atatu. Kukakhala chete, onani fyuzi ndi relay yake musanaiimbe mlandu pampuyo. Ngati zayamba mutangowoloka madzi kapena mutatsukitsa injini, mwina makoilo ndi mapulagi anyowa. Pukutani, dikirani ziume. Kanyali kooneka ngati kiyi kakamaphethira, galimoto siikuzindikira kiyi wanu. Yesani kiyi winayo. Ya dizilo ikavuta m'mawa wa Juni koma masana n'kumalira bwino, kawirikawiri ndi mapulagi otenthetsa. Ikakhala kuti inathera dizilo panjira, popani kapampu ka pamwamba pa fyuluta mpaka kalimbe, kuti mpweya utuluke.

Mafuta a m'zigubu ndi fumbi

Petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe. Zinayamba mu 1982 ndi fakitale ya ku Dwangwa, ndipo ina ili ku Chikwawa. Injini zambiri zimayenda naye bwino. Chofunika kudziwa n'chakuti ethanol amakoka chinyezi, ndipo amaumitsa mapaipi akale a labala. Galimoto ikaima miyezi ndi petulo wochepa m'thanki, madzi amasonkhana pansi ndipo dzimbiri limayamba. Mukamva fungo la petulo, lifunefuneni tsiku lomwelo. Paipi yong'aluka pafupi ndi injini yotentha ndi moto umene ukungodikira nthawi yake.

Mafuta akasowa, tonse timadziwa kumene timathamangira. Petulo wa m'zigubu ndi amene wapha mapampu ambiri: mumakhala fumbi, madzi, nthawi zina parafini. Mukakakamizika kugula, thirani pang'ono m'botolo lagalasi loyera, lisiyeni mphindi zingapo. Madzi ndi zinyalala zimakhazikika pansi, mudzaziona ndi maso. Sefani ndi nsalu yoyera pothira. Musamakoke petulo ndi pakamwa, ndipo musamusunge m'nyumba mogona anthu kapena pafupi ndi mbaula. Chizolowezi chothira malita awiriawiri nachonso chili ndi mtengo wake, pakuti pampu ya m'thanki imaziziritsidwa ndi petulo amene yamiramo. Ndikudziwa kuti thumba ndi limene limalamula, koma mukatha, thanki isamatsike pansi pa kota.

Galimoto imene ikufooka pa chitunda, kudukiza mukaponda moto, kapena kunjenjemera itaima, ifufuzeni motere. Tsegulani bokosi la fyuluta ya mpweya, muiyang'anitse kudzuwa. Kuwala kukapanda kudutsa, yatsekeka. Kuigogoda kumathandiza masiku ochepa chabe, ndipo ya pepala siitsukidwa ndi madzi. Woyenda m'misewu yafumbi aziiona mwezi uliwonse m'chilimwe. Onaninso paipi yaikulu yochoka pa bokosilo kupita ku injini. Ikang'aluka m'makwinya mwake imalowetsa fumbi ndi mpweya wosawerengedwa. Kenaka masulani mapulagi injini itazizira, muwandandalike monga anakhalira. Pulagi yabwino imakhala yotuwa mofiirira. Yakuda ndi mwaye ikunena kuti petulo akuchuluka kapena mpweya ukuchepa. Yonyowa ndi oilo ikunena za kutha kwa zam'kati. Imodzi ikasiyana ndi zinzake, vuto lili pa silinda imeneyo. Pamenepo sinthanitsani koilo yake ndi ya silinda ina. Vuto likasamuka limodzi ndi koiloyo, mwamugwira wakuba, ndipo mugula imodzi m'malo mwa zinayi.

Ikawira

Palibe chimene chimapha injini yakale msanga kuposa kutentha. Chitunda cha Thabwa pochoka ku Chikwawa kukwera ku Blantyre, cha Chiweta, ndi chokwera kuchoka ku Golomoti kupita ku Dedza zaimitsa magalimoto ambiri boneti ili yasa. Vitz, Sienta ndi Fit zambiri zilibe geji ya kutentha. Zili ndi kanyali kokha, kabuluu injini ikazizira, kofiira ikatentha mopitirira. Kofiirako kakayaka, nthawi yatha kale, si koti n'kunena kuti tingofika pamwamba.

Zimitsani eyakoni, tsegulani hita mpaka kumapeto ngakhale mutuluke thukuta, chifukwa hita imachotsako kutentha kwa injini. Patukani pamalo abwino, zimitsani. Musatsegule chivindikiro cha redieta. Madzi a m'menemo ali pa mphamvu, atentha kuposa a mumphika wowira, ndipo amathovoka kumaso. Anthu apsa nkhope ndi manja pa chifukwa chimenechi. Dikirani theka la ola kapena kuposa, mpaka paipi yapamwamba muthe kuigwira ndi kuifinya. Tsegulani ndi chinsanza, pang'onopang'ono. Musathire madzi ozizira mu injini yotentha, kapena kuikhuthulira ndowa pamwamba. Chitsulo chimapindika kapena kung'aluka.

Madzi samangotha okha. Ngati achepa, atulukira penapake. Yang'anani mapaipi otupa kapena ofewa, zomangira zake, m'mphepete mwa redieta pamene pulasitiki wakumana ndi chitsulo, ndi pansi pa pampu ya madzi, pamene mumaona mzere wa zouma zoyera kapena zofiirira. Musaiwale chivindikirocho. Labala wake akatha sichisunga mphamvu, madzi amawira msanga n'kutayikira m'kachigubu ka pambali. N'chotsika mtengo kuposa zonse, koma n'chimene anthu amachiganizira pomaliza. Pogula china onani nambala yolembedwa pamwamba, 0.9 kapena 1.1, mugule chofanana.

Nthawi imene imawira ikuuzani zambiri. Ikamatentha pa mzere wa magalimoto m'tauni koma n'kuzizira mukathamanga, ndi fani: onani fyuzi, relay ndi mawaya ake. Ikamatentha pothamanga kapena pokwera koma m'tauni ili bwino, redieta yatsekeka, kaya kunja ndi njere za udzu ndi tizilombo, kaya m'kati ndi dzimbiri. Ikatentha patangopita mphindi zochepa chiilizireni, redieta ili yozizira, ndi thermostat imene yakana kutseguka.

Pa thermostat ndiimapo pang'ono. Amakaniko ambiri amaichotsa n'kuitaya, amati ndi ya kumayiko ozizira. Sindigwirizana nawo. Ntchito yake ndi kusunga injini pa kutentha koyenera. Pa ma Toyota ambiri imatseguka pa madigiri 82. Ikachotsedwa, injini imachedwa kutentha, kompyuta imaganiza kuti kukadali m'mawa n'kumathira petulo wambiri, ndipo zam'kati zimatha msanga. Pa injini zambiri imatsekanso njira yachidule ya madzi, kotero ikachoka madzi ena amazungulira osadutsa mu redieta. Kuiyesa n'kosavuta: iikeni mumphika wa madzi pamoto. Iyenera kutseguka madzi asanawire. Ikakana, gulani ina, osati kusiya malo ake opanda kanthu.

Madzi a pamjigo amasiya zoyera zija mumaziona m'ketulo, ndipo timipata ta redieta n'tating'ono kuposa mlomo wa ketulo. Pangozi thirani madzi alionse oyera kuti mufike, koma mukafika khuthulani muthire coolant, amene amateteza ku dzimbiri ndipo sawira msanga. Coolant amatsekemera koma ndi poizoni. Musungeni kutali ndi ana, agalu ndi nkhuku, ndipo musamuike m'botolo la zakumwa.

Injini ikawira kwambiri, gasiketi ya pamutu imapsa. Zizindikiro zake: madzi akutha popanda podontha, thovu likutuluka mosalekeza pakamwa pa redieta injini ikulira, oilo wasanduka ngati tiyi wamkaka, utsi woyera wochuluka kumbuyo. Iyi si ntchito ya pakhomo. Koma uzani makaniko kuti mutu wa injini ukayezedwe ngati sunapindike, ndiponso kuti apeze chimene chinawiritsa poyamba. Kupanda kutero gasiketi yatsopano idzapsanso.

Oilo ndi utsi

Kanyali kofiira kooneka ngati kaketulo kodontha sikanena kuti muwonjezere oilo mukapeza mpata. Kakunena kuti oilo sakuzungulira panopa. Imani, zimitsani. Makilomita awiri okha mutakanyalanyaza angakufikitseni pa mawu amene mwini galimoto aliyense amawaopa, akuti injini yanoka. Dikirani mphindi zisanu, tulutsani kachitsulo koyezera, pukutani, bwezerani, tulutsaninso. Kuchoka pa chizindikiro chapansi kufika chapamwamba nthawi zambiri ndi lita imodzi. Mukathira koma kanyaliko n'kukhalabe koyaka, galimotoyo ikokedwe.

M'fumbi lathuli sinthani oilo ndi fyuluta yake pa makilomita 5,000 alionse, kapena pakatha miyezi isanu ndi umodzi ngati simuyenda kwambiri. Si injini iliyonse yakale imene imafuna oilo wolimba wa 20W-50. Injini ngati 1NZ ya mu Sienta, Probox ndi Corolla zina ili ndi timipata ting'onoting'ono ndipo inapangidwira oilo wopepuka monga 5W-30. Pewani oilo wopungulidwa m'mabotolo opanda chidindo. Wakale mukakhuthula musamutaye pafupi ndi chitsime kapena m'munda.

Utsi wabuluu ndi oilo amene akupsa. Ukangotuluka poliza m'mawa kenaka n'kuleka, ndi timalabala ta mavavu, ndipo galimoto ingayende choncho nthawi yaitali bola muziwonjezera oilo. Ukamatuluka nthawi zonse, maring'i atha. Wakuda ndi mafuta ochuluka: yambirani pa fyuluta ya mpweya. Nthunzi yoyera ya m'mawa wozizira imene imatha injini ikatentha isakudetseni nkhawa.

Funsaninso ngati injini yanu ili ndi lamba wa taimingi kapena tcheni. Za Toyota monga 4E, 5A ndi za dizilo za 3L ndi 5L zili ndi lamba, amene amasinthidwa pa makilomita 100,000. Nthawi zambiri ku Japan amamata kapepala pa injini kosonyeza pamene anasinthidwa. Lambayu sachenjeza, amangoduka, ndipo pa injini zina mavavu amapindika nthawi yomweyo. Ngati simukudziwa mbiri yake, sinthani. Za 1NZ, 2NZ ndi 1ZZ zili ndi tcheni, chimene chimangofuna oilo woyera.

Nyali zina ndi mafyuzi

Kanyali kachikasu kooneka ngati injini kakayaka koma galimoto ikuyenda bwino, mungafike kunyumba, koma kayezetseni. Pansi pa chiwongolero pali polumikizira makina owerenga zimene kompyuta yasunga. Lembani nambala imene yatuluka: P0300 ikunena kuti injini ikuphonya moto, P0171 kuti mpweya wachuluka kuposa petulo. Nambalayo ikuloza dera la vuto, siikutchula chogula. Kanyaliko kakamaphethira, chepetsani liwiro ndipo musapite patali. Wokuuzani kuti angochotsa babu lake kapena kumata tepi akukuphimbani m'maso.

Kanyali ka batire kakayaka mukuyenda, imani muone lamba. Pa magalimoto ambiri lamba yemweyo amazunguzanso pampu ya madzi, ndiye akaduka injini iwira posachedwa. Lamba wolira kwii m'mawa ndi wolefuka kapena wakutha.

Chinthu chamagetsi chikaleka mwadzidzidzi, yambirani pa fyuzi. Bwezerani ya nambala yomweyo. Ikapsanso pali waya amene akukhudza chitsulo. Kuikapo waya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya ndudu ndi kuitana moto. Wailesi yochokera ku Japan imene imangogwira masiteshoni ochepa sinawonongeke: zakale zambiri zimalekera pa 90 FM. Ndipo ngati yanu ndi hybrid, monga Aqua kapena Prius, mawaya a mtundu wa lalanje musawakhudze. Moto wake umapha.

Giya

Sienta, Vitz, Fit ndi Tiida zambiri zili ndi giya ya mtundu wa CVT, imene ili ndi mafuta akeake. Kuthiramo a otomatiki wamba kumaipha pang'onopang'ono, ndipo giya ina ndi ndalama zambiri. Muone botolo ndi maso anu asanathire. Mafuta a giya akuda ndi onunkha chopserera ndi chenjezo. Pa ya kilachi, injini ikamakwera mawu pa chitunda koma liwiro osawonjezeka, kilachi yatha. Chizolowezi chogoneka phazi pa kilachi ndi chimene chimaimaliza.

Zapansi: phokoso, matayala ndi mabuleki

Kulira kwa ta-ta-ta pokhota kwambiri ndi CV joint. Imayamba ndi labala wake kung'ambika, girisi n'kutayika, mchenga n'kulowa. Mukamasuzumira kuseri kwa matayala akutsogolo n'kupeza labalayo atangong'ambika, musintha labala yekha. Kugogoda pa mabampu kawirikawiri ndi mabushi kapena timikono ta stabiliser, zinthu zotsika mtengo, ngakhale ambiri amathamangira kugula mashoki. Kung'ung'udza kokula ndi liwiro, kosintha mukapendeketsa chiwongolero, ndi bering'i. Kwezani tayala, ligwireni pamwamba ndi pansi, kenaka m'mbali, mugwedeze. Likamasewera, pitani kwa makaniko musanayende ulendo, pakuti ball joint ikazuka tayala limagona pansi galimoto ikuthamanga. Musalowe pansi pa galimoto yokwezedwa ndi jeke yekha, ndipo njerwa si zochirikizira, zimaphwanyika. Ikani zitsulo zake kapena zipika zolimba.

Mpweya woyenera walembedwa pa kapepala ka pa mphuthu ya chitseko cha dalaivala. A ku Japan amalemba mu kPa: 230 ndi chimodzimodzi 2.3 pa geji ya pa filing'i siteshoni. Yezani matayala ali ozizira, ndi la sipeya lomwe. Tayala lodyeka mbali imodzi likupempha alaimenti. Pogula la kaunjika werengani zaka zake: pambali pali manambala anayi, awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka, kotero 2318 ndi sabata ya 23 ya 2018. Lopitirira zaka zisanu ndi chimodzi, long'aluka m'mbali kapena lotupa, lisiyeni ngakhale mano ake akuoneka atsopano. Lolembedwa kuti STUDLESS linapangidwira chipale cha ku Japan. Pa tara wotentha limatha msanga ndipo pa mvula siligwira bwino.

Mabuleki olira tswii akunena kuti mapadi atsala pang'ono. Akayamba kukhukhuluza, chitsulo chikudya chitsulo ndipo mugula ndi madisiki omwe. Buleki yofewa kapena yomira pang'onopang'ono mukaiponda ndi mpweya kapena kudontha. Galimoto yotero isatuluke pakhomo. Mafuta a buleki amayamwa chinyezi, choncho asinthidwe pakatha zaka ziwiri, ndi mtundu wolembedwa pa chivindikiro, DOT 3 kapena DOT 4. Pa mtsetse wautali tsikani ndi giya yaing'ono. Pa otomatiki ikani pa 2, L kapena B. Kuponda buleki kuyambira pamwamba mpaka pansi kumatenthetsa mafutawo mpaka kuwira, ndipo phazi limangolowa pansi popanda chogwira. Musadikire tsiku lokayezetsa galimoto (COF) kuti muone zimenezi.

Ekisozi yobooka imalowetsa m'galimoto mpweya wopanda fungo umene umagonetsa ndi kupha. Ana a kumbuyo akamadandaula mutu pa ulendo, iyang'aneni. Musalize injini m'galaja yotseka.

Popita kwa makaniko

Safunsa anadya phula. Mukafika musamuuze makaniko chosintha, muuzeni zimene mwaona ndi kumva, kuchokera m'kope lija. Mufunseni kuti wadziwa bwanji kuti chawonongeka ndi chimenecho, ndipo akuonetseni. Wodziwa ntchito sakwiya ndi funso limeneli. Gwirizanani mtengo wa ntchito asanamasule kanthu, ndipo akapeza china akuimbireni asanapitirize. Sinthani chinthu chimodzi nthawi imodzi, kuti mudziwe chimene chachiza.

Sipeya kagulani nokha kapena pitani limodzi, mutatenga yakaleyo ndi nambala ya chasisi. Za kaunjika zochokera ku Japan, monga sitata, olitaneta, chitseko kapena nyali, nthawi zambiri zimaposa zatsopano zotchipa. Koma mapadi a buleki, malamba, mafyuluta, mabushi ndi thermostat gulani zatsopano. Mukapeza makaniko wokhulupirika khalani naye, aidziwe galimoto yanu, ndipo muzimulipira pa nthawi yake.

Tsiku lokatenga galimoto, yendani nayo limodzi ndi iyeyo musanamalize kulipira, mudutse pamene vuto lija limaonekera, kaya ndi pa chitunda kaya pa mabampu. Zonse zimene wachotsa akupatseni muike m'buti, ndipo lembani m'kope musanatuluke pa geti.